Nyimbo ya Masiku Asanu

Nyimbo yangayo ndinakumana nayo m'chapa, kaminibasi ka kwathu kuno, tikutsika kuchokera ku Zóbuè kupita ku Moatize. Ndinali nditapanikizika pakati pa thumba la mbatatesi ndi mayi wina wonenepa amene ankasenda mtedza n'kumataya makoko pamapazi panga. Ndinkapita kukazonda mchemwali wanga wodwala, ndipo maganizo anga onse anali kumeneko. Motorisita, woyendetsa chapayo, anasintha kaseti. Kunamveka ogani yamagetsi yothamanga ngati ya paukwati, kenako mtsikana wa mawu opyapyala anayamba kuimba mawu amene ndinapeka ine ndi pakamwa pangapa: "Masiku asanu okha, manja anga akadali ofunda."

 Mayi wamtedza uja anayamba kugwedeza mapewa, nati kwa ine, "Imeneyi ndiye nyimbo, mayi. Mwamuna akakuthawa, iwe kumangovina basi." Ndinalakalaka nditamudyetsa makoko ake omwe. Ndinatambasula khosi n'kufunsa motorisita kumene anaitenga kasetiyo.

"Pa merkado, mayi, angoti mbwee. Mwaikonda eti?"

Ankanena msika wa ku Moatize. Kuchokera pamenepo mpaka ku Moatize ndinkangowerengera pa zala anthu amene ankaidziwa nyimboyo bwinobwino. Anali atatu okha, ndipo mmodzi wa iwo anali atandiba.

Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, ndipo kumsasa wa othawa kwawo n'kumene tinayambitsa konjunto yathu, gulu loimba la anthu anayi. Wa gitala anali mwana wa ku Moatize, bambo wake ankagwira ntchito panjanji. Wa ng'oma anali Mnyungwe wa m'mbali mwa Zambezi, wakamwa losatseka. Wa besi anali mnyamata wofatsa wa kumapiri a ku Zóbuè, amene ndinakwatiwa naye komweko. Ine ndinkaimba. Tinkaimba roko, nyimbo zaphokoso zimene tinkazimva m'makaseti a oyendetsa malole odutsa pamsewu waukulu. Mawaya a magitala tinkasolola kumabuleki a njinga, chokuzira mawu chinali wailesi yakufa imene wa gitala anaiukitsa, moto tinkatenga ku bateriya ya galimoto. Akuluakulu a kumsasa ankati ndi nyimbo za osuta chamba, koma Loweruka masana iwo omwe ankabwera kudzaima kumbuyo, manja kumsana, ati akungodutsa.

Chaka chachiwiri cha ukwati wathu ndinabereka mwana wamwamuna. Anakhala masiku asanu, n'kubwerera tisanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe ndi dzina lomwe. Kwathu khanda lotere silichitiridwa maliro. Amayi achikulire ndiwo amalitenga mwakachetechete n'kukaliika m'dzenje losazama, amuna sapitako, ndipo mayi wake amamuletsa kulira mokweza, ati mimba ingatseke. Ine anandilola kutsatira pambuyo, ndinaona pamene anamugoneka. Misozi imene anandiletsa ija inakhala m'chifuwa miyezi itatu, kenako inatuluka ili nyimbo. Inali yoyenda pang'onopang'ono, ndipo tikamaiimba anthu ankasiya kuvina n'kumangomvetsera. Palibe amene ndinamuuza kuti ikunena za chiyani, kupatula anzanga atatuwo.

Mtendere utabwera tinakwezedwa m'malole kubwerera kwathu. Titawoloka malire pa Zóbuè, katundu ali pansi, aliyense akufunafuna njira yake, ndinawaimitsa atatuwo. Ndinati nyimbo zathu zonse angathe kupita nazo kumene akufuna, koma imodzi ija itsale tsidya lija kumene kwatsala mwini wake. Wa gitala anagwira pamtima, wa ng'oma analumbira pali amayi ake, amuna anga anangogwedeza mutu. Konjunto inathera pomwepo, popanda mkangano. Aliyense anali ndi bwinja lake loti akalambule.

Ife tinakwera kumapiri kukalima. Banja la amuna anga ndi la mpingo wosaseka ndi magitala, ndipo apongozi anga aamuna ananena tsiku loyamba lomwe kuti pakhomo pawo sipadzamveka nyimbo za m'mabawa. Amuna anga anapereka besi yawo kwa wa gitala, nagwira khasu, ndipo pasanathe zaka zambiri anawasankha kukhala dikoni. Ine ndinalowa kwaya ya amayi, kumene ankandidzudzula sabata ndi sabata kuti mawu anga akuphimba anzanga. Wa gitala tinkamva kuti akutsogolera kwaya ya Akatolika ku Moatize. Wa ng'oma tinkamva zambiri, zina zosati n'kubwereza.

Choncho nditatsika chapa tsiku limenelo, mchemwali wanga ndinamuzonda mwachidule, Mulungu andikhululukire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapita ku merkado n'kugula kaseti ija. Pachikuto panali chithunzi chotuwa cha mtsikana atavala magalasi akuda, popanda dzina la woimba zida ngakhale mmodzi. Zimenezo zinandionjezera mkwiyo, chifukwa munthu wosalakwa sabisa dzina.

Ndinayamba ndi wa gitala, poti ndiye ankalemba mawu a nyimbo zathu m'kope. Ndinamupeza kuseri kwa gereja, tchalitchi chawo cha Akatolika, pansi pa mtengo wa mango, akuphunzitsa kwaya nyimbo za Misa. Munthu amene kale ankaliza gitala mpaka waya kuduka, tsitsi lili nyankhalala, tsopano anali atavala malaya oyera omanga mpaka pakhosi, akukhwatcha pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Koma ndinamugwira. Pakati pa ndime ndi ndime zala zake zinkathawa n'kuponya kamphindi ka roko, kenako n'kubwerera msangamsanga, iye maso ali kumwamba ngati si iye.

Atandiona anaimitsa kwaya. "Alamu! Mwatitulukira bwanji? Achimwene ali bwanji kumapiriko?"

"Ali bwino, akulima. Kope lija mukadali nalo?"

"Kope liti, alamu?"

Ndinatulutsa kaseti m'chikwama n'kumuika m'manja. Anaitembenuza uku ndi uku nthawi yaitali, ngati munthu wosadziwa kuwerenga, chonsecho anaphunzitsapo ana ku eskola ya kumsasa.

"Kope linadyedwa ndi chiswe chaka chomwe tinabwera," anatero. "Ine, alamu, pamaso pa Mulungu, m'kasetimu mulibe chala changa. Mvetserani, mulibe ndi gitala lomwe, ndi ogani yokhayokha."

"Sindinafunse za chala. Ndikufunsa pakamwa. Ndani anamuphunzitsa mtsikanayu mawu anga?"

Anayang'ana kwaya yake, anayang'ana mango, anayang'ana nsapato zanga, koma kumaso kwanga ayi. Anati iye za kunja anazisiya, ndikafunse wa ng'oma amene amayenda m'maukwati. Kenako anafunsanso kachiwiri ngati achimwene ake ali bwino, funso limene anali atafunsa kale. Ndinachoka ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi iyeyo, ndipo kuti malaya oyerawo ndi chophimbira chabe. Ndisananyamuke ndinamufunsa za besi ija imene tinamupatsa, nati anaibwereketsa. Sindinafunse kuti kwa yani.

Wa ng'oma ankakhala ku bairro ya 25 de Setembro, dera lina la ku Moatize komweko, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe makoma ake anali atada ndi fumbi la malasha. Mkati mwa sabata ankakweza matumba pamalole, Loweruka ndi Lamlungu ankaimba m'maukwati ndi m'maubatizo pamodzi ndi bambo wina mwini ogani. Ndinamupeza pakhonde akumanga chikopa chatsopano pang'oma, mimba itakula kuposa ng'omayo.

"Mana! Muli tani? Kodi a mpingo akumasulani?" Anandilonjera m'Chinyungwe chake, naseka mpaka kutsokomola. "Ndimati mwina anakumangani pakamwa ndi duku."

"Pakamwa panga n'potsegula, ndipo muona lero. Inu munalumbira pali amayi anu pamalire paja. Amayi anuwo akadali moyo?"

Kuseka kunathera pomwepo. Ataona kaseti m'manja mwanga anapukuta manja pa kabudula, nandikokera mpando.

Sanakane. Anati ng'oma za m'kasetimo ndi zake ndithu, mtsikanayo ndi mphwake wa mwini ogani, ndipo anajambulira m'chipinda cha munthu wina mu mzinda wa Tete, atatseka mazenera ndi matiresi. Ndinamunyoza ndi mawu onse amene ndinaphunzira kumsasa, ndi ena amene ndinali ndisanawagwiritsepo ntchito chilowereni kwaya ya amayi. Ndinamuuza kuti wavinitsa anthu oledzera pamanda a mwana wanga. Anamvetsera mpaka nditatha mpweya.

"Mwamaliza, mana? Kuimba ndinaimba, nee sindikana. Koma nyimboyo sindinabwere nayo ndine. Ine mawu ake ndimawadziwa theka, mukudziwa kuti ndikakhala kumbuyo kuja ndimangomva ng'oma zanga."

"Ndiye ndi mnzanu wa malaya oyera uja."

"Amene uja? Amaopa ndi mthunzi wa padiri womwe." Anapukusa mutu. "Ine sinditchula munthu. Inu muli ndi makutu abwino kuposa tonsefe. Khalani pansi mumve."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa wailesi yake yaikulu ya kaseti. Anaika kaseti ija, napotokola kabatani kena kuti ogani ndi mawu a mtsikana zichepe, zapansi zokha zimveke. Khonde lonse linayamba kunjenjemera ndi besi.

Kumsasa kuja besi yathu inali ndi mawaya atatu okha. Waya wachinayi, wonenepa uja wa mawu apansi kwambiri, sitinaupeze konse, chifukwa buleki ya njinga sifika pamenepo. Amuna anga anaphunzira kuimba popanda iwo, moti pamene woimba besi wina aliyense akanatsika, iwo ankakwera. Pa nyimbo yanga, ndikafika pa mawu akuti "ofunda", ankakwera kawiri n'kuima pang'ono, kundidikira kuti ndipume. M'kaseti muja, pansi pa phokoso lonse la ogani, besi inafika pa "ofunda", inakwera kawiri, n'kuima kudikira munthu amene sanali pamenepo. Mtsikanayo sankapuma pamalo amenewo, ankangopitirira.

Kunena zoona, khutu langa linali litamva kale zimenezi m'chapa muja. Mtima ndiwo unakana, n'kundituma kukavutitsa anthu ena tsiku lonse. Khoswe wa padenga anaulula wa padzala, koma wa padzalayo ndinali nditamuona ndekha mchira.

"Chiyambire liti?" ndinafunsa.

"Chaka chatha, nthawi ya mbatatesi. Akagulitsa pa merkado m'mawa, masana amabwera kuno ku ensayo, kudzayeserera nafe. Besi imagona pansi pa bedi langa." Anazimitsa wailesi. "Mana, musakamuphe. Munthu uja akagwira besi saseka, salankhula, sayang'ana ndi mtsikana yemwe. Amangoimba, kenako n'kuthamangira chapa."

Ulendo wobwerera ndinaukhala ndikusonkhanitsa zinthu zimene ndinkaziona osaziona. Amuna anga ankatsika ku Moatize kawiri pamwezi ndi mbatatesi ndi kabichi, n'kumabwera dzuwa litapendeka, ati malonda anavuta. Mlimi zikhatho ndizo zimalimba, koma iwo nsonga za zala zakumanzere zinali zitayambanso kuuma. Kutchalitchi, nyimbo ikamaimbidwa, chala chawo chinkagunda pabondo. Ndinkaganiza kuti mwina kuli mkazi ku Moatize, ndipo ndinali nditanunkhizapo malaya awo kangapo, n'kungopeza fungo la malasha ndi thukuta. Mkazi ndikanadziwa chochita naye. Koma dikoni wa mpingo, munthu wogona naye mphasa imodzi, kutenga chinthu chokhacho chimene ndinatsala nacho cha mwana wanga n'kukachipereka kwa anthu a maukwati, chimenecho sindinadziwe kuti ndichigwire pati.

Ndinakhala nazo masiku atatu osanena kanthu. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndinadekha ndithu, ndikuwayang'ana akudya, akupemphera, akunola khasu. Ndinkafuna ndione ngati nkhope ya wakuba imasiyana ndi ya mwamuna wanga. Sinasiyane ngakhale pang'ono, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kubako. Ndinayamba kukayikira zonse. Akati akupita kumsonkhano wa madikoni, ndinkaima pakhomo kuona njira imene alowere.

Tsiku lachinayi m'mawa tinapita kudimba kukathirira kabichi. Kumeneko kunalibe apongozi kapena ana athu awiri amene tinabereka titabwerako. Amuna anga ankatunga madzi pachitsime ndi ndowa ziwiri, ine ndinkazulira udzu m'mizere. Nditaona kuti afika pafupi, ndinamasula kaseti ija pansonga ya chitenje n'kuiika pamwamba pa kabichi, patsogolo pawo.

Anatula ndowa pansi pang'onopang'ono, madzi osatayika ngakhale dontho.

"Wakuuzani ndani?"

"Mwandiuza ndinu. Mukuyesa besi yanu ndingaisokoneze ndi ya munthu wina? Mwandinamiza chaka chathunthu, bambo. Mwanamiza bambo anu, mwanamiza mpingo, zimenezo n'zanu ndi Mulungu wanu. Koma nyimbo ija munalonjeza pamalire."

"Sindinalonjeze. Ndinagwedeza mutu."

"Musandiyankhe ngati muli pabwalo la milandu! Anthu akuvina, bambo. Ndamva ndi makutu angawa mayi wina akuti ndi nyimbo ya mwamuna wothawa. Mwana wanga munamusandutsa mwamuna wothawa!"

Anakhala pansi pamzere, pamatope pomwepo. Amuna anga si munthu wolankhula, ndipo ndinkayembekeza kuti apepesa mwachidule monga amachitira, nkhani n'kutsala m'mimba mwanga. Koma anayankha.

"Mwati mwana wanu. Nthawi zonse mumati mwana wanu." Anathyola tsamba la kabichi n'kumalipotokola. "Tsiku lija amayi aja atabwera kudzamutenga, ine anandikhazika kuseri kwa nyumba n'kundiuza kuti ndisatembenuke. Ndinamva mapazi okha akuchoka. Inu munapita, munaona pamene anamuika. Ine ndinamunyamula kamodzi kokha, tsiku lachiwiri, ndipo azamba anandilanda msanga ati mwamuna salowa m'chikuta. Atabwerako palibe anandipepesa, poti amati sipanagwe maliro. Mawa lake ndinapita kukaima pamzere wa ufa ngati munthu wina aliyense."

Anaponya tsamba lija pansi, napitiriza.

"Pamene ndinkakumana naye mwana uja ndi pa nyimbo ija basi. Inu mukuimba kutsogolo, ine kumbuyo kwanu. Ndiye pamalire paja munaitseka. Munatifunsa tonse atatu pamodzi, ine ndi wa ng'oma chimodzimodzi, ngati nanenso ndine mnzanu wa konjunto chabe."

"Nanga bwanji osandiuza? Bwanji kukaipereka kwa mwini ogani kuti aithamangitse chonchija?"

"Ndinawaphunzitsa monga inalili, pang'onopang'ono. Mwini oganiyo anati nyimbo ya chisoni siitanira anthu paukwati, naithamangitsa. Ndikanatha kunyamuka n'kuchoka. Sindinachoke, ndipo pamenepo ndinalakwa. Koma ngakhale yothamanga, pansi pa zala zanga inali yomwe ija."

Sindinganame kuti ndinawakhulupirira zonse. Mpaka lero mtima wina umandiuza kuti munthuyu ankangolakalaka besi yake, ndipo anapeza chifukwa chimene mkazi sangatsutse. Zala za woimba ndimazidziwa, zimayabwa, ndipo zikayabwa zimatha kunamiza mwini wake yemwe. Ndinawayang'anitsitsa kumaso kufunafuna bodza, monga ndinachitira ndi anzawo awiri aja. Wa gitala anathawitsa maso, wa ng'oma anabisala m'nthabwala. Awa anangondiyang'ana, maso ali ofiira, kenako anafunsa ndi mawu otsika kwambiri moti ndinachita kuwerama kuti ndimve.

"Pamene anamugoneka paja, panali mtengo?"

Zaka zonsezo tinagona nyumba imodzi, tinabereka ana ena, tinakwirira makolo anga, koma iwo anali asanafunsepo, ndipo ine ndinali ndisanaganizepo zowauza. Ndinkayesa kuti poti mwambo unawaletsa kupita, ndiye kuti unawachotseranso kufuna kudziwa. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa mkwiyo umene ndinabwera nawo.

"Panali mkuyu," ndinatero. "Waung'ono, wopendekera kumadzi."

"Mbali iti ya msasa?"

Ndinatola kamtengo n'kusalaza dothi lonyowa pakati pa mizere iwiri ya kabichi. Ndinajambula mjigo umene tinkatungapo madzi, ndi njira yodutsa kuseri kwa eskola, ndi pamene njirayo inkapatukira kudambo. Ndinajambula mwala waukulu umene amayi ankachapirapo, kenako mkuyu, ndipo pambali pake ndinabaya kadzenje ndi nsonga ya kamtengoko. Iwo anagwada n'kumatsatira ndi chala, osakhudza dothi, kuchokera pamjigo mpaka pakadzenjepo, n'kubwereranso, n'kupitanso.

"Ndinkadutsa apa," anatero, akuloza pafupi ndi mwala uja. "Popita kukatchaja bateriya ndinkadutsa apa penipeni, sabata iliyonse."

Anakhala chogwada nthawi yaitali. Ine ndinanyamula ndowa n'kupitiriza kuthirira ndekha, mzere ndi mzere, mpaka ndinafika pamene anagwadapo. Nditakweza ndowa kuti ndithire, anandigwira dzanja, nati mizere iwiri imeneyo ndiisiye, adzathirira okha tsiku lina.